Nkhuku ya Adzukulu

M'chipinda chathu cha ku hositelo kuno ku Zomba muli mabedi awiri, koma Lachisanu usiku mumapezeka anthu asanu ndi awiri, nthawi zina asanu ndi anayi. Sitisonkhanira mapemphero kapena kukonzekera mayeso, ndipo mowa ndiye ayi pakuti ndalama yake imatha sabata yoyamba ya mwezi. Timasonkhanira tiana tinayi ta pakanema, tamitu yobulungira ngati maungu, timene timatukwana kuposa kondakitala wa minibasi amene wakanizidwa ndalama. Katuni ameneyu dzina lake ndi South Park. Laputopu timaiika pampando, mpandowo n'kuukweza patebulo, ndipo wofika mochedwa amakhala pansi pafupi ndi nsapato.

Kwa inu amene simunamuonepo, katuniyu anayamba kuonetsedwa ku America mu Ogasiti 1997 pa kanema wa Comedy Central. Eni ake ndi Trey Parker ndi Matt Stone, amene anakumana ali ophunzira ngati ife pa yunivesite ya Colorado, ndipo gawo loyamba analipanga pochita kudula mapepala ndi kumawajambula limodzilimodzi. Nkhani zake zimachitikira m'katauni kozizira ka m'mapiri, kumene kuli anyamata anayi a ku pulayimale: Stan, Kyle, Cartman wonenepa ndi wodzikonda uja, ndi Kenny mwana wa amphawi, amene m'zaka zoyambirira ankafa pafupifupi m'gawo lililonse n'kudzapezekanso ali moyo sabata yotsatira. Palibe amene amasiyidwa osanyozedwa. Mapulezidenti, abusa, ansembe, oimba, Ayuda, Asilamu, onse amalandira gawo lawo, ngakhale Yesu amene, yemwe m'katuniyu ali ndi pulogalamu yake pa kanema wa m'tauni momwemo. Munthu woonetsa zimenezi mwana wa sitandade 3 ndi wofunika kumutengera kwa mfumu.

Ine ndinamukonda msanga kaamba ka mapiri aja. Kwathu ndi ku Dedza, pakati pa boma ndi Linthipe, mbali ya ku Chongoni. Boma la Dedza lili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mu Juni ndi Julayi nkhungu imatsika m'phiri n'kudzakhala pakhomo mpaka dzuwa litakwera. Chipale chofewa sitinachionepo, koma ana oyembekezera basi atavala zipewa zaubweya, nthunzi ikutuluka m'kamwa, timawadziwa. Timadziwanso moyo wa malo aang'ono kumene aliyense amadziwa amene anagona ndi njala ndi amene anagona kwa eni ake. Chotero nditamuona koyamba ndinamva ngati anthu ena a kutali atenga kwathu n'kukuphunzitsa Chingerezi.

Komatu chokoma chenicheni cha Lachisanu ndi mkangano umene umabuka katuni akatha. Mnzanga wogona naye chipinda, wa ku Ndirande, ndi munthu wa Cartman. Iye amati tonsefe m'katimu ndife a Cartman, kungoti timaopa kunena, ndipo kuti katuniyu amangotivula malaya. Mnzathu wina, wophunzira za malamulo, amaitenga nkhaniyi ngati ali m'khoti. Amatikumbutsa kuti dziko lino linakhazikitsa lamulo lounika mabuku ndi zisudzo mu 1968, kuti Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu, ndipo kuti anthu amene anadutsa m'zimenezo sayenera kuchita manyazi ndi nthabwala yoluma. Amakondanso kunena za 2019, pamene katuniyu ananyoza boma la China ndipo anachotsedwa pa intaneti ya m'dzikomo. Mfundo yake yaikulu, imene amaibwereza mpaka tonse tinailoweza, ndi yakuti South Park alibe tsankho chifukwa amatukwana aliyense mofanana.

Palinso mlongo wina wa mapemphero amene amabwera kudzatidzudzula. Iye amati zonsezi ndi zonyansa ndi mwano kwa Mulungu, koma chodabwitsa n'chakuti ukasokoneza maina a anthu a m'katuniyu, amene amakukonza ndi iyeyo. Wina wa chaka chachinayi, amene amadziyesa mkulu wa zoterezi, amati South Park weniweni anatha kalekale, za masiku ano ndi ulaliki wa ndale, Family Guy ndi nthabwala zopanda mutu, ndipo katuni yekhayo woyenera munthu wakuda ndi The Boondocks wa Aaron McGruder, amene anayamba mu 2005, pakuti m'menemo anthu akuda amadzinyoza okha. Timakangana chotero mpaka mlonda atagogoda.

Ine ndinali kumbali ya wa malamulo uja, ndipo ndinali ndi nkhani yanga yoikonda. Woimba wotchuka Isaac Hayes ndiye ankalankhulira Chef, wophika wa pasukulu ya anawo, kwa zaka zambiri pamene katuniyu ankanyoza Akhristu ndi zipembedzo zina. Mu 2005 ananyoza Scientology, chipembedzo cha Hayes, ndipo mu 2006 kunatuluka chilengezo m'dzina lake chakuti wasiya ntchito chifukwa cha kusalemekeza zikhulupiriro za anthu. Mwana wake anadzanena pambuyo pake kuti bambo ake anali akudwala nthawi imeneyo ndipo anthu ena ndiwo anawasankhira, koma mbali iyi ndinkaidumpha dala pofotokoza. Ndinkamaliza ndi kunena kuti aliyense amaseka mpaka tsiku limene chala chaloza pakhomo pake. Ndinkanena zimenezi monyada, ngati munthu amene alibe khomo.

Patchuthi cha mu Julayi chaka chatha ndinapita kumudzi nditadzaza magawo akale m'foni. Kwathu kulibe magetsi, koma mayi ali ndi kasola kamene kamakwanitsa kutchaja foni imodzi patsiku. Usiku wina tikuotha moto m'khitchini, mayi akusenda kachewere, atsibweni anga atakhala pampando wawo pafupi ndi khomo, ndinatsegula gawo lina lotchedwa "Starvin' Marvin", la mu Novembala 1997. Ndinali nditalionerapo kawiri ku Zomba, ndipo ulendo uliwonse ndinkaseka mpaka kugwira m'mimba.

Nkhani yake ili motere. Anyamata aja akuona pakanema chilengezo chopempha thandizo la ana anjala a ku Ethiopia, cholonjeza wotchi yaulere kwa aliyense wopereka. Iwo akutumiza ndalama pofuna wotchiyo basi, koma mwangozi akulandira mwana weniweni wa ku Ethiopia, wamimba yotupa ndi nthiti zowerengeka. Mwanayo salankhula Chingerezi, amangotulutsa timawu tolizalizika ndi lilime, choncho anyamatawo akungomupatsa dzina lakuti Marvin, n'kuwonjezapo liwu lotanthauza wakufa ndi njala. Pofuna kukonza cholakwa, a boma akulakwitsanso ndi kutumiza Cartman ku Ethiopia, kumene akukapeza mayi wa chilengezo uja, Sally Struthers, amene ndi munthu weniweni wa zisudzo ku America, atadzitsekera m'nyumba yodzaza zakudya, akudya yekha.

Ndinaseka ndekha kangapo, mpaka atsibweni anati, "Kodi mphwanga, zakomazo n'za wekha? Bwera nazo kuno." Ndinasendera pakati pawo, foni ili m'manja, ndipo ndinayamba kumasulira.

Atsibweni anaigwira nkhani msanga kuposa momwe ndinkaganizira. Atangomva za mayi wopempha m'dzina la ana anjala uku akudya yekha, anaomba m'manja n'kuseka mpaka kutsokomola. "Ameneyu timamudziwa!" anatero. "Anabwerapo kuno. Kungoti nthawi imeneyo anali mwamuna, ndipo anali wakuda ngati iwe ndi ine." Anandiuza kuti ndibwezere pambuyo kuti amuonenso bwino. Ataonera kachiwiri anapukusa mutu n'kunena kuti, "Awa ndi anthu a gule. Kumeneko aliko ndi dambwe lawo."

Mayi sanaseke. Mpeni unali utaima m'manja mwawo, mbatata yosendedwa theka ili pachipande. Maso awo sanali pa mayi wonenepa uja koma pa kamwana kamimba yotupa kaja, kamene kanangoima pambali kakuyang'ana. Patapita nthawi anandifunsa kuti, "Mwanayo dzina lake ndani?"

Ndinati, "Marvin, mayi."

"Limenelo wanena kuti amupatsa anzakewo. Ine ndikufunsa limene anamupatsa amake."

Ndinayankha kuti m'nkhanimo sananene. Mayi anangoti, "Oo," n'kupitiriza kusenda. Sanandikalipire, sananene kuti ndizimitse. Ndinazimitsa ndekha.

Ndiyenera kukuuzani tsopano chimene ndinkachidziwa kuyambira ndili mwana, koma chimene sindinachikumbukire ngakhale kamodzi pamene ndinkaseka ku Zomba. Ine ndinabadwa mu Ogasiti 2002. Miyezi yoyamba ya chaka chimenecho ndi ija ya njala yaikulu, pamene zokolola za 2001 zinali zochepa, chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa, ndipo mu Febuluwale pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Kwathu anthu anadya madeya, mizu ya nthochi ndi chimanga chosakhwima. Mayi anali ndi pathupi panga, ndipo kumbuyo anali atabereka mlongo wanga wa zaka zitatu. Anatupa miyendo ndi mimba, tsitsi linafiira, ndipo anapita naye ku chipatala china kumene ankapereka phala ndi mkaka kwa ana otere. Kumeneko kunabwera alendo a mabungwe ndi makamera. Anamujambula ali pamiyendo pa mayi, anathokoza mwaulemu, n'kukwera galimoto. Palibe amene anafunsa dzina lake. Anamwalira mu Malichi, chimanga chitatsala pang'ono kucha. M'nyumba mwathu mulibe chithunzi chake, koma mwina kwinakwake kutsidya la nyanja chilipo, ndipo mwina chinathandiza kupeza ndalama zimene zinapulumutsa ana a anthu ena.

Usiku umenewo sindinagone bwino. Ndinayesa kudziteteza ndi mfundo za ku hositelo. Ndinadziuza kuti gawo lija silinyoza mwanayo koma anthu opereka thandizo pofuna wotchi, ndiponso opempha odya okha, ndipo zimenezi ndi zoona. Ndinadziuza kuti pamapeto pake mwanayo ndiye amaoneka waulemu kuposa onse, ndipo amabwerera kwawo ndi nyama yodyetsa anthu ake. Izinso ndi zoona. Koma ndinakumbukiranso malo enieni amene ndinkaseka kwambiri. Ndinkaseka pamene kamwanako kayamba kuliza lilime. Ndipo ine, wophunzira wa pa yunivesite, ndimadziwa kuti Chiamhariki ndi Chioromo, zilankhulo zazikulu za ku Ethiopia, zilibe mawu otere. Mawu oliza lilime ali kummwera, m'Chixhosa ndi m'Chizulu, ndiponso anali m'chilankhulo cha makolo a Angoni amene tinayandikana nawo kwa Kachindamoto ndi kwa Gomani. Opanga katuniwo anatola mimba ku Ethiopia, lilime ku South Africa, n'kuumba Mwafirika mmodzi wokwanira kuseketsa anthu a ku Colorado. Ine ndinaseka nawo ngati kuti ndinakulira ku Colorado.

M'mawa mwake ndinapita ndi atsibweni kudimba. Iwo ndi munthu wa gule kuyambira ali mnyamata. Ine ndinakulira m'tchalitchi motsatira mayi, sindinagule njira, choncho za kudambwe sindizidziwa ndipo sindingazilembe. Zimene ndimadziwa ndi za pabwalo, zimene aliyense amaona. Ndinawafunsa chimene ankatanthauza ponena kuti anthu a katuni aja ndi a gule.

Anati gule ndiye amanena zimene munthu wa nkhope yake sanganene. Pabwalo chilombo chimatha kuyenda ngati mfumu yoledzera mfumuyo ili pomwepo, kapena kutsanzira mkamwini waulesi apongozi ake akuonera. Nyimbo zina za gule zimatchula ziwalo zimene sitingazitchule pamaso pa amayi athu, koma amayi omwewo ndiwo amathira mang'ombe ndi kuomba m'manja. Atafika amishoni, gule anawalandira mwa njira yake: kunatuluka Maliya, kunatuluka Yosefe, kunatulukanso Simoni, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Amishoni analetsa Akhristu awo kuyandikira bwalo, ndipo mkangano unatenga zaka zambiri. Lero ukatsika msewu wa Khwekhwelere kupita ku Mua, kumene Abambo Oyera anamanga mishoni mu 1902, ukapeza zigoba mazanamazana zitasungidwa pa KuNgoni, malo amene anayambitsa wansembe Claude Boucher mu 1976. UNESCO inalemekeza gule wamkulu mu 2005, ndipo mu 2006 inalemekezanso zojambula za m'mapanga a ku Chongoni, zimene zina mwa izo ndi zilombo za gule. Mwano wa makolo athu unasanduka chuma cha dziko lonse lapansi.

"Ndiye kuti mayi alakwa kukhumudwa?" ndinafunsa.

Atsibweni anaimika khasu. "Amako akhumudwa? Amako anaseka pamaliro a mwana wawo yemweyo. Unalibe iwe, ndikuuze."

Anandifotokozera za adzukulu, anthu okumba manda ndi kunyamula maliro. Kwathu adzukulu ali ndi ufulu umene wina aliyense alibe. Amatha kunyoza anamfedwa, kutsanzira kayendedwe ka malemu, kulanda nkhuku ya pakhomo, ndipo palibe angawaimbe mlandu. Tsiku loika mlongo wanga, anatero atsibweni, adzukulu anafika atalowa m'maso ndi njala. Sabata imeneyo anali atakumba kale manda ena atatu. Ankakumba pang'ono n'kukhala pansi, kukumba pang'ono n'kukhala pansi. Pakhomo panalibe ufa, panalibe nkhuku, panalibe ngakhale madeya oti awaphikire. Atatha kukwirira, mkulu wawo anabwera kudzagwada pamaso pa mayi, nkhope ili gwa ngati kalaliki wa msonkho, n'kunena kuti pakhomo pano ndi pa anthu oumira, aitanitsa anthu ntchito popanda ndiwo, choncho nkhuku yawo aikongoza, ndipo adzaitenga ndi chiwongoladzanja cha mazira. Mayi, amene anali asanalankhule masiku awiri, anaseka. Anaseka misozi ili mbwembwembwe, ndipo amayi onse a m'nyumba ya siwa anaseka nawo. Chaka chotsatira, zokolola zitalowa m'nkhokwe, adzukulu aja anabweradi, anathamangitsa tambala pabwalo ponse, n'kumugwira, mayi akuwatukwana ali pakhonde.

"Waona mphwanga," anatero atsibweni. "Amene uja ananyoza amako pa tsiku loipitsitsa la moyo wawo. Koma matuza a m'manja mwake anali a manda a mwana wawo. Wokumba manda ako akakutukwana umaseka. Wongodutsa pamsewu akanena mawu omwewo, ndi mlandu wa mbuzi." Anatolanso khasu. "Anzako a pakanemawo, mayi wonenepa uja ndi wawo, amudziwa, amunyoze. Koma kamwana kaja, anakumbako manda kwawo?"

Sindikufuna kuti muganize kuti ndinabwerera ku Zomba nditatembenuka mtima, n'kukhala mlaliki wa chikhalidwe. Gule amene atsibweni amamutamanda ali ndi zake. Ndili ku pulayimale tinkathawa zilombo panjira ya kusukulu, ndipo mnzanga wina anakwapulidwa mpaka kutupa msana popanda chimene analakwa. Nyimbo zina zimene amayi amaomberera m'manja zimanyoza amayi omwewo, ndipo si onse amene amaseka kuchokera pansi pa mtima. Chigoba chimapatsa munthu mphamvu yonena zoona, komanso chimabisa wankhanza. Zimenezi ndi zoona ku Chongoni ndipo ndi zoona ku Colorado.

Lachisanu loyamba la teremu ndinaifotokoza nkhani yonseyi m'chipinda chathu. Kwa kanthawi munali zii, mpaka wa ku Ndirande anayamba kuyang'ana nsapato zake. Koma wa malamulo sagonja msanga. Anati pepa chifukwa cha mlongo wako, aise, komabe mfundo yako ndi yoopsa. Ngati wonyoza ayenera kukhala wa m'mudzi momwemo, ndiye kuti mlendo asatinenepo kanthu, pamene akulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Boma lililonse lopondereza limanena zomwezo, kuti akunja asalowerere za kwathu. Kenaka anandibaya ndi mkondo wanga womwe. Anati, nanga Simoni? Makolo ako anatenga mzungu amene sanamufunse dzina, anamufiiritsa nkhope, anamuveka masanza, n'kumupatsa dzina la m'Baibulo kuti anthu azimuseka pabwalo. Kodi ameneyo si Marvin wathu? Anakumbako manda ku Scotland makolo akowo?

Ndivomere kuti funsoli linandikhalitsa pansi sabata yathunthu, ndipo yankho limene ndili nalo ndi la theka. Simoni ndi Marvin ndi ofanana pa kapangidwe, pakuti onse awiri ndi alendo oumbidwa ndi anthu osawadziwa bwino. Amasiyana pa zimene ananyamula m'manja. Mzungu amene makolo athu ankamuvina anali ndi msonkho wa nyumba, thangata, khoti ndi mfuti. Kumuseka pabwalo inali njira imodzi mwa zochepa zimene zinatsala zomuchepetsera kuti akwane m'maso mwa anthu, ndipo iye ankagona wokhuta ngakhale atasekedwa. Marvin ali ndi mimba yokha. Chotero ndinauza wa malamulo kuti mfundo yake yakuti katuniyu amatukwana aliyense mofanana ndi yoona kumbali ya wotukwana, koma kumbali ya wotukwanidwa siili choncho. Mbama imodzimodzi ukamenya munthu woima ndi munthu wogwada pamaliro, sunawamenye mofanana. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ndiye lamulo la atsibweni ndinaliwonjezera pang'ono, ngakhale sindinawauze. Nyoza amene ali pamwamba pako, ngakhale akhale wa kutali, pakuti ali ndi zambiri zodzitetezera. Nyoza wa msinkhu wako monga amachitira asuweni, pakuti mawa adzakubwezera. Koma wogwada pansi, usanamuseke uyambe wagwira khasu pakhomo pake. Nditayang'ananso magawo a South Park amene ndimawakonda kwambiri, ndinapeza kuti ambiri ndi aja amene Parker ndi Stone akunyoza anthu awo: makolo amantha otengeka ndi mphekesera, matchalitchi a kwawo, andale awo, anthu otchuka odzimva. M'menemo nthabwala zimaluma molondola chifukwa amadziwa pamene pali mtsempha. Ngakhale umphawi wa Kenny amaudziwa mpaka mtundu wa chakudya cha patebulo. Akatuluka kupita kwa anthu amene sawadziwa, nthawi zambiri amangogwira chimene chili pafupi, mimba ndi lilime.

Wa chaka chachinayi anati zonsezi zikungotsimikiza kuti iye ankanena zoona za The Boondocks. Mlongo wa mapemphero anati adzapempherera mayi anga, kenaka anatikumbutsa kuti Marvin anabweranso m'gawo lina la mu 1999, ndipo sitinamufunse kuti anadziwa bwanji. Wa ku Ndirande anafunsa funso limene lidakandivutabe: bwanji ife sitipanga wathu? Anthu oseketsa tinali nawo, a Izeki ndi Jakobo anaseketsa dziko lino zaka zambiri, ndipo ojambula ngati Brian Hara ndi Vic Kasinja anadzaza manyuzipepala ndi anthu amene tinkawazindikira. Foni zojambulira tili nazo. Tinayamba kutchula oti angalowemo: nyakwawa yolemba abale ake okha pa ndandanda wa feteleza, mneneri wogulitsa madzi odalitsika, phungu wooneka chaka cha chisankho, mlendo wa kamera amene safunsa maina. Wina anawonjeza mwana wa ku yunivesite wofika kumudzi ndi Chingerezi, amene amaonetsa amake katuni wa mwana wanjala. Tonse tinaseka, ine ndemwe, pakuti anyani sasekana zikundu koma ife timasekana.

South Park ndimaonerabe Lachisanu lililonse, ndipo ndimasekabe mpaka mlonda kugogoda. Gawo la Marvin sindinalifufute m'foni. Kungoti likafika sindikhalanso ndekha poonera, pakuti ndimaona mpeni utaima m'manja mwa mayi.

Patchuthi cha Khirisimasi kumudzi kunagwa maliro a gogo wina woyandikana nafe. Kale pa maliro ndinkaima kumbali ya anthu ovala majekete, amene amapatsidwa mipando ndi kupemphedwa kuwerenga uthenga wa chipepeso. Ulendo uwu ndinadzuka mbandakucha n'kutsatira adzukulu kumanda. Dothi la mvula ndi lolemera, ndipo pansi pake pali miyala. Ndisanafike m'chiuno manja anali atatuluka matuza awiri, limodzi n'kuphulika. Mkulu wa adzukulu, amene tsopano ndi wa imvi, yemwe uja anakongoza mayi nkhuku, anandigwira dzanja n'kulikweza m'mwamba kuti onse aone. Anati taonani manja a boma awa, ofewa ngati buledi, angofiira ndi khasu lokha. Wina ali m'dzenje anakuwa kuti ameneyu ndi Simoni. Dzinalo linandikanirira, moti mpaka pano ana a kumudzi amandiitana choncho ndikamatsika basi.

Nditabwerera kunyumba mayi anaona matuza aja, anawathira madzi amchere, n'kundifunsa chimene adzukulu ankandiseka. Nditawauza anaseka kwambiri, kenaka anati ndikapita ku Zomba ndisaiwale thumba la kachewere limene andiikira kuseri kwa chitseko.